Akuti "Linux sitithandiza": kodi ndibwerere ku Windows?

Makalata a mwezi uno akhala ngati munapangana. Chiyambireni Microsoft kusiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ambiri mwa inu mwaika Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, m'makompyuta akale omwe Windows 11 ikuwakana, ndipo tsopano nkhondo yasamukira ku intaneti. Ndasankhapo makalata asanu. Ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza. Mchimwene wanga amene ali ku Johannesburg ananditumizira laputopu yakale, ndipo mnyamata wina anandiikira Linux Mint. Zonse zikuyenda bwino, koma dongle yanga ikukana. Ndikaibaya sikutuluka kalikonse, pamene pa kompyuta ya kuofesi ya ahedi imagwira. Nditaimbira kampani yomwe ndinagulako, mtsikana woyankha anandifunsa kuti ndili ndi Windows yanji. Nditati Linux, anati, "Pepani bambo, Linux sitithandiza." Kodi ndibwerere ku Windows?

YANKHO: Aphunzitsi, musabwerere. Mtsikanayo sananame, koma mawu akewo sakutanthauza zimene inu mwamva. Patsogolo pake pali pepala lomuuza zoti afunse ndi zoti ayankhe, ndipo pepalalo linalembedwa ndi munthu amene ankaganiza za Windows yokha: dinani apa, tsekulani apo. Mukatchula Linux, pepala latha. "Sitithandiza" ndiye kuti "sindinaphunzitsidwe." Netiweki yeniyeniyo, nsanja ija ili paphiri, siidziwa n'komwe kuti kumapeto kuli Windows kapena Linux. Imaona simukhadi basi. Ndipo choseketsa n'chakuti foni ya Android imene munaimbira ija mkati mwake muli Linux, monganso ma router ambiri amene makampani omwewo amagulitsa.

Ine zinandionekerapo zaka zapitazo, ndili ndi kashopu ku Limbe. Ndinakangana ndi woyankha mafoni wa kampani ina pafupifupi theka la ola, mayunitsi akupita, ine n'kumamuuza kuti vuto lili kwa iwo, iye n'kumati ndiike kaye Windows. Titamaliza ndinachotsa simukhadi ija n'kuiika mufoni. Nayonso foni inakana. Bandulo inali itatha dzulo lake. Kuchokera tsiku limenelo ndimayamba ndi foni ndisanakweze mawu.

Nanunso yambani pomwepo. Ikani simukhadi mufoni, muone ngati intaneti ikutseguka, ndipo ngati simuyo imafunsa PIN, ichotseni PIN imeneyo. Ikagwira mufoni, ndiye kuti kampani ilibe mlandu, tiyang'ane dongle.

Ma dongle ambiri ali ndi nkhope ziwiri. Mukangoibaya imadzionetsa ngati CD, chifukwa mkati mwake muli pulogalamu ya Windows yoti idziike yokha. Pulogalamuyo ikalowa ndi imene imaitembenuza kuti ikhale modemu. Pa Linux pulogalamu imeneyo siyenda, ndiye dongle imatha kungokhala pa nkhope ya CD mpaka kalekale. Ntchito yoitembenuza imagwiridwa ndi kapulogalamu kotchedwa usb-modeswitch, ndipo mu Mint ndi mu Ubuntu, yomwe ndi mitundu ya Linux, kamakhalamo kale. Kawirikawiri chimene chimafunika ndi kudekha: ibayeni, dikirani mphindi imodzi yathunthu, kenaka dinani kachizindikiro ka netiweki pansi kumanja. Mukaona mawu akuti Mobile Broadband, mwapambana. Sankhani dziko la Malawi, sankhani kampani yanu, ndipo pofunsidwa APN, dzina lolowera pa intaneti ya kampaniyo, lembani imene ili mufoni yanu pa Access Point Names. Nthawi zambiri ndi liwu limodzi lokha, internet. Ngati mukufunabe kuimbira kampani, funso loti muwafunse ndi limeneli: "APN yanu ndi chiyani?" Limenelo lili papepala lawo ndipo adzakuyankhani mosavuta, osafunsa za Windows.

Ngati Mobile Broadband sikutuluka, tsekulani Terminal, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, mulembe lsusb. Mutuluka mndandanda wa zonse zimene zabayidwa. Yang'anani mzere wa Huawei kapena ZTE. Ukakhala ndi mawu akuti Mass Storage, dongle idakali pa nkhope ya CD. Izuleni, muyese bowo lina la USB, chifukwa mabowo a malaputopu otopa ena sapereka moto wokwanira. Mzerewo ukapanda kuonekeratu, dongle kapena bowolo lafa.

Palinso mtundu wina wa ma dongle, monga a Huawei otchedwa HiLink, umene suvuta n'komwe. Umenewo kompyuta imauona ngati chingwe cha netiweki. Mumangotsekula Firefox n'kulemba 192.168.8.1, tsamba la dongle n'kutuluka, ndipo mauthenga a SMS ndi mphamvu ya netiweki mumazionera pomwepo. A ZTE ambiri amakhala pa 192.168.0.1. Anthu ambiri amandibweretsera mtundu umenewu akuti sukugwira, pamene ukugwira kale, iwo akudikira kawindo kamene anazolowera pa Windows.

Koma kunena mosabisa, aphunzitsi, ine dongle ndinaisiya. Muli ndi foni ya Android? Ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe chotchajira, mupite ku Hotspot and tethering, muyatse USB tethering. Linux imaiona nthawi yomweyo, popanda kuika kalikonse, foni n'kumatchajanso. Chingwecho chikhale chodutsa data, chifukwa tizingwe tina ta pamsika timangotchaja. Mukadzapeza ndalama gulani MiFi, ka router kakang'ono koikamo simukhadi. Lamulo langa kwa aliyense wa Linux ndi lakuti musagule chipangizo chofuna pulogalamu yakeyake. Gulani chimene chimatulutsa Wi-Fi kapena chili ndi bowo la chingwe cha Ethernet.

Za kubwerera ku Windows, dzifunseni kuti mubwerera ku Windows iti. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene laputopu yanuyo mwina ilibe. Yotsala ndi Windows 10 yosalandiranso zigamba zachitetezo, kapena ija yobedwa imene anyamata amaika ndi fulashi yodzaza mavairasi. Mint 22 ilandira zigamba mpaka 2029. Mayeso a ana ndi malikisi awo ndingakonde akhale m'menemo.

FUNSO: Ndili ndi shopu yotayipa, kusindikiza ndi kufotokopa pa trading centre ina m'boma la Dowa. Makompyuta ndi anayi, onse a Ubuntu. Anthu amabwera kudzatumiza makalata ofunsira ntchito ndi mafomu a sukulu. Pano ndimagwiritsa hotspot ya foni koma yandikwana. Mwana wanga akuti tigule Starlink, ena akuti router ya 4G, ena akuti fibre. Chimene chimagwirizana ndi Ubuntu ndi chiti? Ndine mayi wa bizinesi.

YANKHO: Mayi, zonse zitatu zimagwirizana ndi Ubuntu, chifukwa zonse zimathera pa Wi-Fi kapena pa chingwe. Nkhawa imeneyo ichotseni. Zimene zisankhe ndi malo amene muli, magetsi, ndi thumba.

Fibre ndiyo yabwino koposa ikakhalapo. Siiopa mvula, siichepa mphamvu madzulo ngati mmene nsanja imachitira anthu akachuluka, ndipo kutumiza zinthu kumathamanga, zomwe n'zofunika kwa inu amene ntchito yanu ndi kutumiza ziphaso zojambulidwa. Koma kuona chingwe chikudutsa pa mapolo a ESCOM m'mbali mwa msewu sikutanthauza kuti mungalumikizidwe. Chimenecho ndi msewu waukulu wopita m'maboma. Kuti chifike pakhomo panu pamafunika kampani yokoka kanthambi, ndipo kunja kwa Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba kanthambi kameneko nthawi zambiri mumalipira nokha malinga ndi mtunda. Funsani mtengo wokokera musanasangalale ndi mtengo wa pamwezi. Dziwaninso kuti dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadzera kwa anansi kuchokera ku zingwe za pansi pa nyanja. Mu Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zitaduka, ife kuno tinavutika limodzi ndi a ku Tanzania ndi Mozambique. Pa masiku otero fibre ndi 4G zimatsokomola pamodzi.

Router ya 4G ndiyo ndingayambe nayo ndikanakhala inu. Koma musagule musanayese. Tengani simukhadi ya TNM ndi ya Airtel, muyese zonse ziwiri m'shopu mwanumo, osati panja, katatu patsiku: m'mawa, masana, ndi cha m'ma 7 koloko madzulo. Muyesenso tsiku la msika, anthu atadzaza. Pa trading centre imodzi kampani ina imatha kugwira kumtunda, ina kumunsi, ndiye za mnzanu wa ku Mponela sizingakuuzeni za pakhomo panu. Musakhulupirire timizere ta netiweki tokha. Patsamba la router pamakhala nambala yotchedwa RSRP, yoonetsa mphamvu ya netiweki. Ikakhala cha m'ma -80 zili bwino kwambiri, cha m'ma -100 n'zapakati, ikafika -110 kapena kupitirira mudzalira. Malata amadya netiweki, choncho router ikhale pawindo loyang'ana kunsanja, ndipo ngati ili ndi mabowo a mlongoti wapanja, mlongoti pa nsungwi yaitali umasintha zinthu kuposa kusintha kampani. Makompyuta anayiwo alumikizeni ndi zingwe, Wi-Fi musiyire mafoni.

Pogula funsani ngati router ndi yokhoma, kutanthauza kuti imalandira simukhadi ya kampani imodzi yokha. Yokhoma imatchipa, koma tsiku limene netiweki ya kampaniyo yagwa mumangokhala manja m'thumba makasitomala akubwerera. Yosakhoma mumangosintha simu.

Tsono Starlink. Inafika m'Malawi mu 2023, ndipo kumalo kopanda nsanja ndi chipulumutso chenicheni. Masetilaiti ake amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, n'chifukwa chake siichedwa ngati intaneti ya setilaiti yakale ija. Ku Ubuntu ilibe vuto, ngakhale poiika koyamba n'kosavuta ndi pulogalamu yake ya pafoni. Mwana wanu sakulakwa. Koma walira mvula walira matope. Mbale yaikulu ija imadya mawati 75 mpaka 100. Tiwerengere limodzi: mawati 75 kwa maola 10 a ntchito ndi 750. Batire la 12V la 100Ah limasunga 1,200, koma la mtundu wamba lija simuyenera kulimwa kupitirira theka, ndiye kuti muli ndi 600 zokha. Batire lathunthu silikwanitsa tsiku, makompyuta ndi fotokope tisanaziwerengere. Router ya 4G imadya mawati 10 kapena kucheperapo, ndipo kabatire kakang'ono kamaiyendetsa tsiku lonse magetsi atathima. Ilipo Starlink Mini yodya pang'ono, mawati 25 mpaka 40, imene ndi yoganizirika kwa a sola. Mbaleyo imafunanso thambo loyera, popanda mtengo wa mango pamwamba, ndipo mvula yamphamvu imaidula kwa kanthawi. China n'chakuti ndi katundu wakunja, mtengo wake umatsatira dola. Amene munali pa bizinesi mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mukudziwa chimene ndikunena. Ndipo ikavuta palibe shopu ya pa boma yoti mukadandaule, mumalemba uthenga pa pulogalamu n'kudikira.

Kulikonse kumene mungapite, mawu akuti "unlimited" muwafunsitse. Safunsa anadya phula. Funsani kuti mukafika magigabaiti angati liwiro limatsitsidwa, ndipo limatsikira pati. Funsani liwiro lotumizira, osati lolandirira lokha. Ndipo manambala awo muziwamva bwino: 10 Mbps si mamegabaiti 10 pa sekondi, gawani ndi 8, mupeza 1.25. Fayilo ya gigabaiti imodzi itenga mphindi pafupifupi 13, zinthu zikakhala bwino. Zonse akuuzanizo zilembedwe papepala. Akadzaphwanya lonjezo mumayamba kudandaula kwa iwo, musunge nambala ya dandaulo, akapanda kukuthandizani mupite nazo ku MACRA.

Mmisiri wa fibre akadzabwera n'kunena kuti Ubuntu saidziwa, musatekeseke. Ntchito yake ithera pa router. Mungomupempha akulembereni dzina ndi pasiwedi yolowera mu router, komanso za PPPoE, zimene router imalowera nazo pa intaneti ya kampani, ngati zilipo. Ambiri amachoka nazo, inu n'kumawaitana ndi ndalama pa kanthu kakang'ono ngati kusintha pasiwedi ya Wi-Fi.

FUNSO: Ndine wophunzira ku koleji ku Zomba. Chiikireni Ubuntu, bandulo ya sabata ikumatha masiku awiri. Anzanga akuti Linux imaba data. N'zoona?

YANKHO: Siiba, mng'ono wanga, koma Ubuntu inapangidwa ndi anthu amene intaneti kwawo ili ngati madzi a mumtsinje. Imadzikonza yokha mwakachetechete. Wakudya kwambiri ndi mapulogalamu a snap, kuphatikizapo Firefox, amene amayang'ana zatsopano kanayi patsiku n'kudzitsitsira okha.

Uchite izi. Pa Settings, pita ku Wi-Fi, dina kagiya ka pa dzina la hotspot yako, uchonge Metered connection. Kenaka mu Terminal ulembe sudo snap set system refresh.metered=hold. Ukatero yamva kuti data ndi yogula. Koma usaisiye miyezi osaikonza. Kamodzi pa sabata pita pa Wi-Fi ya pasukulu, kapena gula bandulo ya usiku, uikonze yonse. Ika kapulogalamu ka vnstat, kazikuuza magigabaiti amene wadya tsiku lililonse. Anthu ambiri akakaona amapeza kuti mbava ndi YouTube: pa laputopu kanema amatseguka mooneka bwino kuposa pafoni, ndipo data imapita mowirikiza. Tsitsa pa 360p ngati ukungomvera phunziro.

Kumbukiranso kuti bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha siitsegula zina. Laputopu ikafuna kudzikonza pamene uli ndi bandulo yoteroyo, imatha kudya mayunitsi ako a mufoni, ndipo kumeneko mtengo ndi wowawa.

Ubuntu 24.04 yokha poitsitsa ndi magigabaiti pafupifupi 6, Mint pafupifupi theka lake. Palibe chifukwa choti anthu khumi pa hostel imodzi aliyense atsitse yake. Mmodzi atsitse, enanu mukopere pa fulashi. Lamulo la mapulogalamu amenewa limalola, si kuba ayi. Kwa amene mumayang'anira malabu a sukulu, ikani apt-cacher-ng pa kompyuta imodzi, kuti chigamba chikatsitsidwa kamodzi ena onse azitengera pomwepo. Ndinaikapo pa labu ina ya makompyuta 20, ndipo bursar anasiya kundiyang'ana ndi diso lofiira.

FUNSO: Ndaika Linux pa HP yakale koma Wi-Fi sikuoneka n'komwe. Kampani ya intaneti ikuti router yawo ili bwino. Ndine wa ku Luchenza.

YANKHO: Achimwene, a kampaniwo akunena zoona. Vuto lili m'laputopu. Yang'anani kaye ngati simunazimitse Wi-Fi ndi kabatani ka pa kiyibodi, chifukwa ma HP akale ali nako. Ngati si zimenezo, mwina kadi yanu ya Wi-Fi ndi ya Broadcom, imene driver yake, kapulogalamu koiyendetsa, siibwera yoikidwa kale. Kuti muitenge pafunika intaneti, intaneti yomwe mulibeyo. Njira ndi ija ndauza aphunzitsi a ku Dedza: foni pa chingwe, USB tethering. Mukalumikizika tsekulani Driver Manager ngati ndi Mint, kapena Additional Drivers ngati ndi Ubuntu, musankhe ya Broadcom, muzimitse n'kuyatsanso. Zikakanika, kachipangizo ka Wi-Fi kobaya pa USB kamathetsa nkhani, koma pitani ndi laputopu kushopu mukakayesere pomwepo, chifukwa tina timafunanso driver.

FUNSO: Mdzukulu wanga wandiikira Ubuntu. Ndinamvapo pa wailesi za bungwe la UbuntuNet ku Lilongwe. Kodi ndiye kuti pulogalamuyi ndi ya kwathu konkuno, ndipo ndingakadandaule kumeneko intaneti ikavuta? Ndine wopuma pantchito ya boma, ku Ntcheu.

YANKHO: Agogo, mwandiseketsa, koma funso lanu ndi lanzeru. Dzinalo ndi limodzi ndithu, ndi liwu la Chizulu ndi Chixhosa lofanana ndi umunthu wathu. Koma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ubuntu ya mu kompyuta yanu inayamba mu 2004, ndipo mwini kampani yake, Canonical, ndi Mark Shuttleworth wobadwira ku South Africa. Mtima wake ndi Linux, imene anaiyamba Linus Torvalds ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland, mu 1991. UbuntuNet Alliance ndi mgwirizano wa manetiweki a mayunivesite ndi malo a kafukufuku a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo kwathu kuno membala wake ndi MAREN. Iwowo sagulitsa bandulo kwa anthu wamba, ndipo dongle yanu sangakukonzereni. Intaneti ikavuta muitane mdzukulu yemweyo, ayambe waika simukhadi mufoni aone ngati bandulo ilipo.